Mafunso ndi mayankho: kuyeza ngongole za kampani pogwiritsa ntchito mpamba wogwirika

Mafunso ali m'munsiwa amabwera kawirikawiri kuchokera kwa ogula masheya, ogwira ntchito yoona zangongole m'mabanki, ophunzira za akaunti, komanso eni mabizinesi amene banki yawauza kuti mpamba wawo ndi wochepa pomwe mabuku awo akuonetsa kuti ndi wambiri. Manambala a makampani amene sitinawatchule dzina ndi achitsanzo chabe, oti masamu aoneke bwino. A makampani otchulidwa dzina ndi enieni.

1. Kodi mpamba wogwirika n'chiyani?

Mukachotsa ngongole zonse za kampani pa katundu wake yense, chotsalacho ndi mpamba wa eni ake, umene pa balance sheet (lipoti loonetsa katundu, ngongole ndi mpamba wa kampani) umalembedwa kuti total equity. Koma si katundu yense wolembedwa m'mabuku amene munthu angamuloze ndi chala. Pali nyumba, makina, magalimoto, sitoko, ndalama za ku banki ndi ndalama zimene makasitomala sanalipire. Palinso goodwill (ndalama yowonjezera yolipidwa pogula kampani ina, onani funso 3), dzina la malonda, ziphaso, mapulogalamu a pakompyuta ndi mndandanda wa makasitomala umene unagulidwa limodzi ndi kampani ina. Gulu lachiwirili ndi katundu wosagwirika.

Mpamba wogwirika ndi mpamba wa eni ake mutachotsapo katundu yense wosagwirika. M'malipoti ndi m'mapangano a ngongole mudzaupeza pa dzina la tangible equity kapena tangible net worth.

2. N'chifukwa chiyani katundu wosagwirika amachotsedwa? Kodi alibe mtengo?

Mtengo ali nawo, nthawi zina waukulu kwambiri, koma umakhalapo bizinesi ikamayenda bwino. Muyeso woyerekeza mpamba wogwirika ndi katundu wogwirika umayankha funso la tsiku limene zinthu zavuta: katundu wa kampani angatsike mtengo kufika pati, mpamba wa eni ake usanathe ndipo okongoza asanayambe kutaya ndalama zawo? Patsiku limenelo nyumba imapeza wogula ngakhale pamtengo wozizira, makina amagulitsidwa, ndalama za kwa makasitomala zimatoleredwa. Goodwill singagulitsidwe payokha, palibenso banki imene ingailandire ngati chikole, ndipo imasungunuka nthawi yomweyo imene okongoza akuifuna.

Chitsanzo chodziwika ndi Carillion, kampani yaikulu ya zomangamanga ya ku Britain. M'mabuku ake a 2016 munali goodwill pafupifupi £1.6 biliyoni, pomwe mpamba wonse wa eni ake sunkafika ngakhale theka la ndalama imeneyo. Aliyense akanachotsa goodwill akanaona kuti mpamba wogwirika unali kale pansi pa ziro. Kampaniyo inagwa mu Januwale 2018 itangotsala ndi £29 miliyoni m'manja. Chinali chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere, ndipo nyererezo zinalembedwa poyera pa balance sheet.

3. Nanga goodwill imachokera kuti?

Imabadwa pokhapokha kampani ikagula inzake pamtengo woposa katundu wa kampani yogulidwayo atachotsapo ngongole zake. Mukagula kampani pa K9 biliyoni, pomwe katundu wake wodziwika, kuchotsa ngongole, ndi K3 biliyoni, K6 biliyoni yotsalayo imalembedwa ngati goodwill. Ndi ndalama imene munalipira chifukwa cha chiyembekezo cha phindu la m'tsogolo. Malamulo a kalembedwe kake ali mu IFRS 3. IFRS ndi IAS ndi malamulo a akaunti otsatidwa m'maiko ambiri. Kugulana kwa makampani, monga pamene National Bank of Malawi inagula Indebank kapena FDH inagula Malawi Savings Bank mu 2015, ndiko kumachititsa kuti munthu ayang'ane mzere umenewu m'lipoti la chaka chotsatira.

Dziwaninso kuti IAS 38 siilola kampani kulemba m'mabuku dzina la malonda kapena mbiri yabwino imene yadzipangira yokha. Choncho makampani awiri ofanana, ina inakula pang'onopang'ono payokha, ina inakula pogula anzake, amaoneka osiyana mpamba ngakhale bizinesi yawo ndi imodzimodzi. Kuchotsa katundu wosagwirika kumawaika pamuyeso umodzi.

4. Amauwerengera bwanji muyesowu?

Tengani balance sheet ya gulu lonse la makampani, imene imalembedwa kuti consolidated, osati ya kampani yaikulu payokha, chifukwa goodwill imaonekera pa ya gulu. Pezani manambala anayi: katundu yense, mpamba wonse, goodwill, ndi katundu wina wosagwirika. Ngati awiri omalizawa aphatikizidwa pamzere umodzi, tsegulani ma notes a kumapeto kwa lipoti, kumeneko amawasiyanitsa.

Tiyerekeze kuti kampani ili ndi katundu wa K50 biliyoni ndi ngongole za K32 biliyoni, ndiye kuti mpamba ndi K18 biliyoni. M'katundumo muli goodwill ya K8 biliyoni ndi ziphaso komanso mapulogalamu a K4 biliyoni.

Mpamba wogwirika: 18 kuchotsa 12, patsala K6 biliyoni.
Katundu wogwirika: 50 kuchotsa 12, patsala K38 biliyoni.
Muyeso: 6 kugawa ndi 38, kuchulukitsa ndi 100, ndi 15.8 peresenti.

Mukanangogawa mpamba wonse ndi katundu yense mukanapeza 36 peresenti. Kampani ndi yomweyo, tsiku ndi lomwelo, koma nambala yoyamba ikuti katundu wogwirika akangotsika mtengo ndi 15.8 peresenti, eni ake satsala ndi kalikonse.

5. Kodi katundu wosagwirika ndimuchotse pa mpamba pokha, kapena pa katundunso?

Mbali zonse ziwiri. Ambiri amalakwitsa pamenepa: amachotsa pa mpamba n'kugawa ndi katundu yense. M'chitsanzo cha funso 4 zimenezi zingapereke 6 kugawa ndi 50, yomwe ndi 12 peresenti, nambala imene ikuilanga kampani kawiri. Alipo akatswiri amene amachita choncho dala, koma ngati mukuyerekeza makampani awiri onetsetsani kuti onse mwawawerengera njira imodzi.

6. Banki yanga imakamba za debt to tangible net worth. Kodi n'chimodzimodzi?

Ndi nkhani yomweyo yoonedwa kuchokera mbali ina. Mumagawa ngongole zonse ndi mpamba wogwirika. M'chitsanzo chathu 32 kugawa ndi 6 ndi 5.3, kutanthauza kuti pa K1 iliyonse yogwirika ya eni ake, okongoza aikapo K5.30. Mukanagwiritsa ntchito mpamba wonse mukanapeza 1.8 yokha. Apa nambala ikamakwera ndiye kuti zinthu zikuipa, pomwe pa funso 4 zimaipa nambala ikamatsika.

Funsani banki kuti mawu akuti ngongole akuphimba chiyani. Ena amawerenga zonse, kuphatikiza ndalama za ogulitsa katundu, misonkho yosalipidwa ndi penshoni ya antchito. Ena amawerenga ngongole zokhala ndi chiwongoladzanja zokha. Manambala awiriwa amatha kusiyana kwambiri, makamaka kwa makampani ogulitsa katundu amene amaoda zambiri pangongole.

7. Kodi TCE ndi chiyani, ndipo ikusiyana bwanji ndi mpamba wogwirika?

TCE, kapena tangible common equity, imapitirira pang'ono: imachotsanso ma preference share, ndi gawo la eni ang'onoang'ono a m'makampani a m'gulu, limene limalembedwa kuti non-controlling interests. Cholinga ndi kutsala ndi mpamba wa eni masheya wamba okha, amene amayamba kutaya zinthu zikavuta. Ma preference share amakhala ngati ngongole: amalandira gawo lawo loikika, ndipo kampani ikagwa amalipidwa eni masheya wamba asanalandire. Ngati pa K18 biliyoni ija pali ma preference share a K2 biliyoni, TCE ndi K4 biliyoni ndipo muyeso ndi 10.5 peresenti.

Muyesowu unatchuka pa vuto la zachuma la 2008. Boma la United States linaika $45 biliyoni mu Citigroup kudzera m'ma preference share. Pamiyeso ya malamulo bankiyo inkaoneka yolimba, koma ogula masheya anasiya kuikhulupirira miyesoyo n'kumayang'ana TCE, imene inali yochepa zedi. Mu Febuluwale 2009 analengeza kuti ma preference share a boma ofika $25 biliyoni asandutsidwa masheya wamba. Sipanalowe ndalama yatsopano kuchokera kuboma pa kusinthako, koma TCE inakwera, chifukwa tsopano ndalamazo zinali pamzere woyamba wolandira zotayika.

8. Nambala yabwino ndi iti?

Palibe nambala imodzi yokwanira makampani onse, ndipo amene akukupatsani imodzi osafunsa mtundu wa bizinesi akukusokeretsani. Banki imayendera ndalama za anthu osunga, choncho muyeso wake umakhala wotsika mwachibadwa. Kuipeza pansi pa 10 peresenti si zachilendo. Fakitale kapena kampani ya zaulimi yokhala pa nambala yomweyo ili pangozi, chifukwa phindu lake limadalira mvula, mitengo ya kunja ndi kupezeka kwa ndalama zakunja, ndipo chaka chimodzi choipa chingadye mpamba wonsewo.

Njira imene imathandiza ndi iwiri. Yerekezani kampani ndi anzake ochita bizinesi yofanana. Kenako iyerekezeni ndi iyo yomwe pa zaka zisanu zapitazo. Kampani imene yatsika kuchoka pa 30 kufika pa 18 peresenti pa zaka zitatu imafunika mafunso ambiri kuposa imene yakhala pa 15 kwa zaka zonsezo.

9. Mabanki ali kale ndi miyeso ya Basel. Muyeso uwu ukuwonjezera chiyani?

Miyeso ya Basel, yomwe maiko amatsatira poyeza mpamba wa mabanki, nayonso imachotsa goodwill pa mpamba, koma imagawa ndi katundu woyezedwa molingana ndi chiopsezo chake. Ngongole imene banki yapereka kwa bizinesi imawerengedwa mokwanira, pomwe ndalama zimene yakongoza boma la dziko lake m'ndalama ya dzikolo nthawi zambiri zimawerengedwa ngati zopanda chiopsezo. Pansi pa malamulo a Basel II, Reserve Bank of Malawi inalamula kuti Tier 1, mpamba wolimba kwambiri wa banki, usachepere 10 peresenti ndipo mpamba wonse usachepere 15 peresenti pamuyeso woterewu.

Zotsatira zake n'zakuti banki imene yadzaza mabuku ake ndi ma Treasury bill ndi ma Treasury note, omwe ndi ngongole zokongoza boma, ikhoza kuonetsa nambala yokongola ya Basel, pomwe mpamba wake ndi wochepa poyerekeza ndi kukula kwake. Muyeso wa mpamba wogwirika susankha: kwacha iliyonse ya katundu imawerengedwa chimodzimodzi. Zimene zinachitika ku Ghana zimaonetsa kufunika kwake. Boma litayamba kusintha ngongole zake za m'dziko mu Disembala 2022, mabanki ambiri kumeneko analengeza kuti ataya ndalama pa katundu yemwe uja ankati alibe chiopsezo. Nawonso a Basel anaona mpata umenewu, n'chifukwa chake Basel III inawonjezera leverage ratio yosachepera 3 peresenti, imene imayerekeza mpamba ndi kukula kwa banki osayang'ana chiopsezo cha katundu. Werengani miyeso yonse iwiri. Umodzi sulowa m'malo mwa unzake.

10. Kampani ikagula inzake, muyeso umasintha bwanji?

Zimadalira kuti yalipira ndi chiyani. Tengani kampani yopanda katundu wosagwirika, yokhala ndi katundu wa K30 biliyoni, ngongole za K20 biliyoni ndi mpamba wa K10 biliyoni, muyeso 33.3 peresenti. Ikugula kampani ya m'funso 3 pa K9 biliyoni. Yogulidwayo ili ndi katundu wogwirika wa K5 biliyoni ndi ngongole za K2 biliyoni.

Ikalipira ndi ngongole yatsopano, katundu wogwirika amakhala K35 biliyoni, ngongole zimafika K31 biliyoni, mpamba wogwirika umatsala K4 biliyoni, ndipo muyeso umagwa kufika 11.4 peresenti. Mpamba wa m'mabuku ukadali K10 biliyoni yomwe ija, choncho woyang'ana mzere umenewo wokha sangaone kuti pachitika kanthu. Ikalipira potulutsa masheya atsopano, ngongole zimakhala K22 biliyoni, mpamba wogwirika K13 biliyoni, muyeso 37.1 peresenti.

Apa ndi pamene muyesowu umaposa ina yonse. Umaonetsa tsiku lomwelo zimene mabuku adzavomereze patapita zaka.

11. Goodwill ikafafanizidwa m'mabuku, kodi muyeso umatsika?

Ayi. Pansi pa IFRS goodwill siichotsedwa pang'onopang'ono chaka ndi chaka. IAS 36 imangofuna kuti iyesedwe chaka chilichonse, ndipo ikapezeka kuti mtengo wake wagwa imafafanizidwa kamodzi. M'chitsanzo cha funso 4, K8 biliyoni yonse itafafanizidwa, mpamba wa m'mabuku utsika kuchoka pa K18 biliyoni kufika pa K10 biliyoni, koma mpamba wogwirika ukhalabe K6 biliyoni, popeza tinaichotsa kale.

Kuyesa kwa IAS 36 kumadalira zimene akuluakulu a kampani akuyembekeza pa phindu la m'tsogolo, ndipo amene anagula kampani modula safulumira kuvomereza. N'chifukwa chake kufafaniza kumabwera mochedwa komanso mwakamodzi. AOL Time Warner inalengeza kutaya pafupifupi $99 biliyoni mu 2002, gawo lalikulu likuchokera ku goodwill. Royal Bank of Scotland inataya £24.1 biliyoni mu 2008, chaka chimodzi itagula nawo ABN AMRO.

Makampani ang'onoang'ono otsatira IFRS for SMEs amachita mosiyana: iwo goodwill amaichotsa pang'onopang'ono, ndipo ngati sangathe kudziwa bwino kutalika kwa moyo wake, sapitirira zaka 10.

12. Ndapeza mpamba wogwirika uli pansi pa ziro. Kodi kampani yagwa?

Osati nthawi zonse. McDonald's, Starbucks ndi Philip Morris International akhala zaka zingapo ndi mpamba wa pansi pa ziro, makamaka chifukwa anabwezera eni masheya ndalama zambiri pogulanso masheya awo. Amalipira ngongole zawo ndi ndalama zimene zimalowa tsiku ndi tsiku. Makampani ogulitsa mapulogalamu, mankhwala ndi uphungu nawonso chuma chawo chenicheni chimakhala chosagwirika, ndipo muyesowu umawaonetsa ofooka kuposa mmene alili.

Nambala ya pansi pa ziro imakuuzani kuti okongoza alibe pogwira ngati ndalama zolowa zitauma. Pamenepo siyani kugawa, chifukwa muyeso wa m'funso 6 umataya tanthauzo, ndipo pitani ku cash flow, lipoti la ndalama zolowa ndi zotuluka: kodi ndalama zochokera m'bizinesi zimaposa chiwongoladzanja kangati, ndipo zakhala zokhazikika kwa zaka zingati? Carillion phindu lake linali lochepa pa kontilakiti iliyonse ndipo ndalama zinkalowa movutikira, n'chifukwa chake kwa iyo nambala ya pansi pa ziro inali chenjezo lenileni.

13. Pali zinthu zina zimene sindikudziwa ngati ndi zogwirika kapena ayi. Ndizichite bwanji?

Zinayi ndi zimene zimavutitsa kwambiri.

Mapulogalamu ndi ziphaso. Chiphaso cha kampani ya mafoni chili ndi mtengo weniweni, koma kuchisamutsira kwa wina kumafuna chilolezo cha bungwe loyang'anira, ndipo pulogalamu imene banki inaikonzetsa molingana ndi ntchito zake ilibe wogula. Ife timazichotsa zonse.

Deferred tax asset. Imeneyi ndi misonkho imene kampani ikuyembekeza kudzapulumutsa ikadzapanga phindu. Kampani ikamataya ndalama, phindulo silibwera. Basel III imachotsa gawo lodalira phindu la m'tsogolo pa mpamba wa mabanki, ndipo ndi bwino kuchita chimodzimodzi ngati nambalayo ndi yaikulu.

Malo ochita lendi. Kuyambira 1 Januwale 2019, IFRS 16 imafuna kuti lendi ya nthawi yaitali ilembedwe ngati katundu mbali imodzi ndi ngongole mbali inayo. Musachotse katunduyo n'kusiya ngongole yake. Sungani zonse ziwiri kapena chotsani zonse ziwiri, ndipo chenjerani poyerekeza ndi zaka za 2019 isanafike.

Ngongole zopita kwa eni kampani ndi makampani achibale. M'mabizinesi a pabanja izi zimachuluka: mwini amatenga ndalama, akauntanti n'kuzilemba ngati katundu. Mabanki ambiri amazichotsa pa mpamba wogwirika, ndipo amachita bwino, chifukwa kampani ikavutika mwiniwakeyo amakhala atavutika kale.

Palinso revaluation reserve, imene imabwera nyumba ndi malo zikakwezedwa mtengo m'mabuku. Katunduyo ndi wogwirika, choncho sichotsedwa, koma onani kuti ndi gawo lalikulu bwanji la mpamba. Ngati mpamba ukukula chifukwa cha woyesa mitengo ya nyumba osati phindu, werengerani kawiri, nayo komanso popanda iyo.

14. Kugwa kwa kwacha kumaukhudza bwanji muyesowu?

Kumaukhudza kwambiri ngati kampani ili ndi ngongole za m'madola pomwe katundu ndi malonda ake ali m'makwacha. Mu Novembala 2023 dola inakwera ndi 44 peresenti, kuchoka pafupifupi K1,180 kufika K1,700. Tiyerekeze kuti pa ngongole za K32 biliyoni za m'funso 4, K10 biliyoni ndi za m'madola. Kusintha kotereku kukanazifikitsa pa K14.4 biliyoni usiku umodzi. K4.4 biliyoni yowonjezerayo imadyedwa pa mpamba: tisanawerengere za msonkho, mpamba wogwirika utsika kuchoka pa K6 biliyoni kufika pa K1.6 biliyoni, muyeso kuchoka pa 15.8 kufika pa 4.2 peresenti. Muyeso wamba, wogawa mpamba wonse ndi katundu yense, ukanaonetsabe 27.2 peresenti.

IFRS 7 imafuna kuti kampani ifotokoze m'ma notes chiopsezo chake pa ndalama zakunja. Pezani tebulo limenelo, chotsani katundu wa m'madola pa ngongole za m'madola, ndipo yesani nokha kuti dola itakwera ndi 25 kapena 44 peresenti mpamba wogwirika utsala zingati. Musaiwale ndalama za ogulitsa katundu akunja zimene sizinalipidwe chifukwa chosowa madola, nazonso zimakwera.

15. Ndi zinthu ziti zimene muyesowu suona?

Umakhulupirira kuti katundu wogwirika ali ndi mtengo umene walembedwa. Sitoko yokhalitsa, makasitomala amene sadzalipira, ndi makina opangidwira ntchito imodzi yokha zonse zimawerengedwa mokwanira. Silicon Valley Bank, kumapeto kwa 2022, inali ndi mpamba pafupifupi $16 biliyoni, koma mabondi amene inkawalemba pamtengo wogulira anali atatsika ndi pafupifupi $15 biliyoni, ndipo kutsikako sikunachotsedwe pa mpamba wa m'mabuku. Inagwa mu Malichi 2023.

Suonanso ngongole zimene sizili pa balance sheet, monga milandu ya kukhoti ndi malonjezo olipirira ngongole za makampani ena. Sunena kuti ngongole zikuyenera kubwezedwa liti: kampani ya muyeso wabwino ikhoza kulephera kulipira ngati ngongole zonse zikupsa mwezi umodzi. Ndipo ndi nambala ya tsiku limodzi lotseka mabuku. Kampani ya fodya, shuga kapena feteleza imakongola kwambiri nyengo ina n'kubweza nyengo ina, choncho yang'ananinso lipoti la pakati pa chaka.

16. Banki yaika malire a muyesowu m'pangano la ngongole. Ndingatani kuti ndisawaphwanye?

Choyamba werengani mmene panganolo lafotokozera tangible net worth, mawu ndi mawu, musanasaine. Onani ngati likuchotsa zinthu za m'funso 13, ngati likuwerenga lendi ngati ngongole, ndi kuti muyeso udzayesedwa kangati pa chaka. Kuphwanya malirewo kumapatsa banki mphamvu yokweza chiwongoladzanja, kufuna chikole china, kapena kuitanitsa ngongole yonse, ngakhale mwakhala mukulipira mosadumphitsa.

Njira zokwezera mpamba wogwirika ndi zochepa: kusiya phindu m'kampani m'malo moligawa, kuika ndalama zatsopano za eni ake, kubweza ndalama zimene eni anatenga, ndi kugulitsa katundu wosagwiritsidwa ntchito n'kulipira ngongole. Ngati inu mwini munaikongoza kampani yanu, pemphani banki kuti mulembe pangano loti simudzatenga ndalamazo banki isanalipidwe. Mukatero, mabanki ambiri amaziwerenga ngati mpamba. Werengerani muyeso mwezi uliwonse pa management accounts (malipoti a ndalama a m'kati mwa kampani), ndipo mukaona kuti mukuyandikira malire, kapena mukukonza zogula kampani ina monga m'funso 10, lemberani banki kupempha waiver, kutanthauza kuti isakulangeni pophwanya malirewo, tsiku loyesa lisanafike.